Lamba wa Wailesi ya a Khutu

Pakati pa shopu ya makiyi ndi ya mafoni pali kachipinda kamene munthu wonenepa amalowamo cham'mbali. M'menemo ndi mmene a Khutu akhala zaka makumi atatu, kukonza mawotchi. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a m'mashopumo, chifukwa mkuluyu satha mawu atatu osatchula khutu lake. "Khutu langali silinama," amatero, ataligwira ngati pali amene akufuna kuwalanda.

Ntchito amaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Wotchi yochedwa amaizindikira pongomva kugunda kwake. Koma matama awo, abale inu, si a mawotchi ayi, ndi a kaseti imodzi. Anapatsidwa ali mnyamata ndi kasitomala wina amene ankasamuka, pamodzi ndi wailesi yake yomwe. Pachikuto pali chithunzi cha bambo wa masaya, wa tsitsi loyera lopotanapotana, katswiri wopeka nyimbo wa zaka mazana atatu zapitazo. Nyengo imeneyo a Khutu amaitchula kuti ya Baroki, mphuno ili m'mwamba ngati mchombo wawo unagwera komweko. M'kasetimo mulibe woimba ndi pakamwa, ndi piyano yokhayokha. Kanyimbo kamayamba kokha, kenako kanzake kofanana nako kamakalondola pambuyo, kachitatu n'kulowerera, tonse kumathamangitsana osapondana.

Kungoti pa wailesi ya a Khutu tinyimboti sitinkathamangitsana. Tinkayenda mwakachetechete, mawu ali pansi, ngati anthu operekeza maliro.

"Mwiniwake analemba chonchi," ankauza aliyense wobwera ndi wotchi, wofuna ndi wosafuna yemwe. "Nyimbo yaulemu sithamanga. Zanu zaphokosozo ndi za anthu opanda mitu."

Wamafoni akayatsa nyimbo zake, a Khutu ankalavula malovu pakhomo. Wamakiyi anayesa tsiku lina kunena kuti kasetiyo imamupatsa tulo, ndipo mpaka lero samupatsa moni. Mkazi wawo anaipirira kasetiyo kufikira tsiku limene Mulungu anamumvera chisoni n'kumutenga.

Munthu mmodzi yekha ndiye anaikonda nyimboyo ndi mtima woona, mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo. Anakulira pansi pa tebulo la mawotchi akuimva m'mawa ndi madzulo. Kusukulu anapeza piyano n'kuikakamira, mpaka anapita kukoleji ya zoimbaimba. Atamaliza anakonza zokaimba mu holo ya m'tauni, ndipo anasankha nyimbo ya m'kaseti ija kuti akondweretse bambo ake. Anawakhazika kutsogolo, atavala jekete.

Nyimbo isanafike ndi pakati pomwe, a Khutu dzambatu!

"Iwe, ukuthamangira kuti? Basi ikukusiya?"

Holo yonse inafa nacho chikhakhali. Mtsikana anamaliza nyimboyo misozi ikudonthera pa zala. Panja anawayandikira mwaulemu. "Bambo, wailesi yanu ija imakoka. Ndinazindikira ndili kukoleji, ndinkangoopa kukuuzani."

"Mwana wa dzulodzuloli undiuze za nthawi ine? Ine wokonza nthawi ya tauni yonseyi?"

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la mkuluyu silitsinika. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa, bambo ndi mwana akungopatsana moni wa pamaliro. Mwanayo anakwatiwa, anabereka, anakhala mphunzitsi wa piyano. Mdzukulu wawo a Khutu ankangomuonera patali.

Ndiye sabata ina zinthu ziwiri zinagwa pamodzi. Lolemba wailesi ija inangoti zii. Lachiwiri kunabwera khadi yoti mwana wawo akaimbanso mu holo yomwe ija Loweruka, 3 koloko masana. Pansi anawonjezerapo ndi bolopeni: "Bambo, mpando wanu ndi wakutsogolo. Mukapanda kubwera ndidziwa kuti basi, sindidzakuvutitsaninso."

Khadi anaiponya pa tebulo. Chimene chinawasowetsa mtendere ndi wailesi. Iwo eti sangagwire zamawaya, imeneyo ndi ntchito ya anthu wamba, choncho anaitengera kutsidya kwa msewu kwa mayi wokonza mawailesi, yemwe kumbali amamutchula kuti wowotcherera zitini.

Loweruka masana anakaitenga.

"Vuto linali lamba wozunguza kaseti, bambo," anatero mayiyo akupukuta manja. "Waduka, koma anali atatanuka kalekale ngati mphira wa kabudula wakutha. Mwinanso munailandira ili choncho. Simunkamva kuti ikukoka?"

A Khutu ananyamula wailesi yawo. Anabwerera m'kachipinda kawo, kulowetsa kaseti, kudina batani.

Mayo! Nyimbo inatumphuka ngati ana otuluka m'kalasi. Timawu tija tinali kuthamangitsana, kusekererana, kubisalirana, kupezananso. Maliro aja panalibe. Inali nyimbo yachisangalalo, ndipo inkayenda ndendende mmene mwana wawo anaiimbira tsiku lija. Khutu silinama, linawauza pomwepo. Manyazi anawagwira mpaka thukuta kutsika m'khosi, ndipo kwa kanthawi anamusowa mwana wawo kwambiri.

Mawotchi onse pakhoma ankati kota pasiti 2. Ku holo ndi ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi, ngakhale kwa nkhalamba. Jekete inali pa msomali pomwepo. Munthu wina aliyense, ngakhale wamafoni amene iwo amati alibe mutu uja, akanaithothola n'kuliyatsa liwiro.

A Khutu anatulukadi, koma anangowoloka msewu.

"Mayi, lamba wakale uja ali kuti? Mungomulumikiza, mumubwezeremo."

"Ha! Woduka uja? Anapita ndi galimoto ya zinyalala dzana. Bwanji, watsopanoyu walakwa chiyani?"

"Akuthamanga."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kubwerera ku ntchito yake.

A Khutu anabwereranso m'shopu mwawo. Anatenga kasukuludalaivala ka mawotchi, kumasula kachitseko ka kaseti, kudinanso batani. Kenako anaika nsonga ya chala pa kagudumu kozungulira n'kukanikiza pang'ono. Nyimbo inayamba kukoka, mawu n'kutsika. Anawonjeza mphamvu mpaka maliro awo aja anabwerera.

"Eyaa," anatero okha, "mwiniwake analemba chonchi."

Anali chikanikizire pamene mawotchi onse pakhoma analira 3 koloko nthawi imodzi, popanda ndi imodzi yomwe yochedwa.