Chifuwa cha Horácio ndi Mchere wa Inês

Horácio Magwagwa anabadwira ku Fonte Boa, ndipo sukulu ya ku mishoni anaisiya atangodziwa kulemba dzina lake, poti anaona kuti zotsalazo n'za anthu amene sanabadwe ndi nzeru. Ntchito anayambira kutsuka matayala kwa Mpwitikizi wina wa ku Vila Coutinho, amene ankagula kachewere m'midzi ya kumapiri kuno n'kumakagulitsa ku Tete. Kuchoka pa matayala anakwera n'kufika potsuka mipando, kenako patarau, ndiye kuti bwana uja, anamukhazika pa chiwongolero cha kaminyau, lole yonyamula kachewereyo. Kuyambira tsiku limenelo mapazi a Horácio anaiwala njira ya kumunda.

Anali ndi magalasi akuda, amene ankavala ngakhale pa nkhungu ya mu Juni yoti munthu suona ng'ombe yako yomwe. Anawatola ku bwalo la ndege. Patarau ankaopa msewu, ndiye ku Tete ankapita pa kandege kakang'ono, ndipo womuperekeza ndi kukamuchingamira anali Horácio. Pilotu wa kandegeko, mnyamata wachizungu wolongolola, anataya magalasiwo atathyoka mwendo umodzi, Horácio n'kuwamanga ndi waya. Basitu, akangolawa kachasu ankauza anthu kuti iye ndi pilotu ntchito yawo ndi imodzi, kungoti winayo amadzera m'mwamba.

Mkazi wake anali Inês wa ku Lifidzi, amene anthu ankamuitana Nanzunga. Anamulowola ndi ng'ombe za bambo ake, choncho mkaziyo ankakhala kuchimuna, ndipo kamwana kawo, Natália, kanali ka a Magwagwa. Inês sankalankhulalankhula. Ankalima yekha munda wa anthu awiri, n'kumachapa malaya oyera amene mwamuna wake ankakaonetsera ku Tete. Mawu aakulu pamudzipo anali a Augusta, mlongo wake wamkulu wa Horácio, wokwatiwa ndi sipayi, wapolisi wachikuda wa ku boma. Augusta sankamufuna mlamu wake Inês, ndipo mlandu wake unali umodzi wokha, wakuti sankayankha akamutokosa.

Nkhondo itafika m'chigawo chino, msewu wa ku Tete unayamba kudya anthu. Ankhondo a m'tchire ankakwirira mabomba, ndiye magalimoto anayamba kuyenda pamodzi pambuyo pa asilikali, zimene ankati koluna. Koma koluna inkachedwa, pamene kachewere sadikira munthu. Patarau analamula kuti amotorista ake, oyendetsa magalimotowo, azinyamuka okha. M'chaka cha 1971 mmodzi wa iwo, Rafael, anaponda bomba, ndipo zimene anatola anthu pamalopo sizinadzaze n'komwe bokosi. Kwa mkazi wamasiye patarau anatumiza thumba la kachewere wophuka kale.

Jacinto, wamkulu pa amotorista onse, anasonkhanitsa anzake kuseri kwa garaja nthawi ya chakudya. Onse ankafuna chinthu chimodzi, kuyenda ndi koluna basi. Koma kukana ntchito poyera kunali kudzipereka wekha kwa apolisi achinsinsi, ndipo otengedwa ndi amenewo ankabwera alibe zikhadabo, akabwera n'komwe. Aliyense ankangoyang'ana nsapato zake.

"Mnzanga pilotu anandiuza," anatero Horácio akukonza magalasi, "kuti kwawo kutali uko, oyendetsa ndege zikuluzikulu akakwiya ndi mabwana sakana ntchito. Amangodwala onse tsiku limodzi. Ndege zimangoti ndii pansi. Nanga munthu n'kumumanga chifukwa cha malungo?"

Tinene zoona, nzeruyo inali yabwino. Ndi chinthu chokhacho chabwino chimene chinatulukapo pakamwa paja, ndipo nachonso chinali chotola ngati magalasi. Jacinto anavomera, n'kuika lamulo limodzi: nkhaniyi isafike kwa m'bale aliyense, makamaka kwa a Magwagwa kumene kunali sipayi m'nyumba.

Lolemba lotsatira, kachewere ali mbwee m'nkhokwe za patarau, amotorista onse anadwala. Jacinto anasankha malungo. Silvestro anasankha kutsegula m'mimba, matenda amene palibe bwana amafuna kuwaona ndi maso ake. Anthu anzeru amadwala choncho, mwakachetechete. Koma Horácio sakanadwala ngati mlimi wamba. Anafuna matenda oti akambidwe mpaka ku Tete. Anasankha chifuwa cholasa, miyendo yolemera, ndi kulavula magazi.

Magaziwo anali a mtengo wa mlombwa, umene utomoni wake umafiira ngati wa munthu. Kuthengo iye sakanapita, poti anali pilotu, ndiye lamulo la Jacinto analithyola tsiku loyamba lomwe n'kutuma Inês. Mkaziyo anayenda mtunda wautali ndi mwana kumbuyo, n'kubwera ndi makungwa atabisa mu mtolo wa nkhuni. Kapitawo wa patarau atabwera kudzaona ngati matendawo ndi enieni, Horácio anatsokomola mpaka denga kugwedera, n'kulavula pabwalo, pamaso pa anthu onse obwera kudzazonda. Kapitawo anabwerera m'mbuyo, n'kuthamangira kukanena kuti uyu yekha ndiye ali pafupi kufa. Horácio anagona pamphasa mtima uli mbee.

Chimene anaiwala, kapena sanachiganize n'komwe poti sankaganiza zinthu ziwiri nthawi imodzi, n'chakuti kwathu kuno chifuwa, miyendo ndi magazi zikakumana pa mwamuna wokwatira, anthu sathamangira kuchipatala. Amati ndi mdulo. Amati mkazi wayenda ndi mwamuna wina, kenako wathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake ndi dzanja lomwelo. Abambo a ku mishoni ankatsutsa zimenezi Lamlungu lililonse, anthu n'kumavomera kuti amen, koma pofika kunyumba mchere unkakhala mchere ndithu.

Augusta anayang'ana malovu aja nthawi yaitali, kenako anaitana Inês pakhonde.

"Mlamu, ndiwo za achimwene amathira mchere ndani?"

"Ndine."

"Nanga iwo akakhala ku Tete, pakhomo pano pamafika ndani?"

"Palibe, alamu."

"Tiona," anatero Augusta.

Zonsezi Horácio ankazimva, poti pakati pa iye ndi khonde panali chitseko cha bango chokha. Anatseka maso. Ndipotu matendawo anali atayamba kumukoma. Anthu ankabwera ndi nkhuku, akuluakulu amene kale ankamuseka ndi magalasi ake ankakhala pansi n'kumamufunsa kuti wagona bwanji. Sanalemekezedwepo chotero chibadwire.

Masana ena anthu atachepa, Inês anagwada pambali pa mphasa.

"Abambo a Natália, sindikuti muulule za ntchito. Mungosiya magaziwa, muzidwala mutu ngati anzanu. Kapena mungouza achemwali anu kuti inu mukudziwa kuti si ine."

"Ndikasiya magazi kapitawo akayika," anayankha Horácio. "Ukufuna alamu asipayi aja andimange? Pirira pang'ono, Nanzunga, zimenezi zitha. Makungwa aja atsala angati?"

Ankhoswe anaitanidwa. Anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, ndipo mwamuna wa Augusta anabwera atavala za ntchito, chipewa chausipayi atachiika pabondo. Ankhoswewo anauza Inês kuti atchule dzina la mwamuna amene anayenda naye, mankhwala apangidwe, wodwala achire, nkhani ithe. Inês analibe dzina loti atchule. Anali ndi mawu amodzi okha omupulumutsa, mlombwa, ndipo makungwa otsala anali mumphika kuseri kwa nkhokwe, pafupi pomwepo. Anayang'ana chipewa chija, n'kukumbukira zikhadabo za anthu. Anayang'ananso chitseko cha bango. Kuseri kwake kunamveka chifuwa, chachitali, chokonzedwa bwino.

Anagamula kuti Inês abwerere kwawo ku Lifidzi mpaka aone mmene wodwala akhalire. Mwana atsale, poti ng'ombe zinapita kale. Natália anali atangosiya kuyamwa. Augusta anamumasula kumbuyo kwa mayi ake ndi manja ake, ndipo Inês ananyamuka ndi kamtolo ka nsalu, nsana uli wozizira.

M'mawa mwake Jacinto anafika pa njinga, malungo atatheratu. Kachewere anali atayamba kununkha, ndipo patarau anagonja: aziyenda ndi koluna, ndiponso mkazi wa Rafael amuganizira. Jacinto ananong'oneza zimenezi atakhala pambali pa mphasa. Anali atamva kale za Inês m'njira, ndipo nkhope yake sinali ya munthu wopambana.

"Ife tikuyamba mawa, koma iwe usadzuke," anatero. "Gona sabata ina, kapena ziwiri. Ukadzuka tsopano, mudzi wonse unena kuti wachira chifukwa mkazi wachoka. Dwala ndithu iye kulibe, aone kuti si mchere wake, akamutenge. Ulendo wako tikuyendera ife."

"Ndamva, akulu. Koma akuti kwabwera kaminyau yatsopano?"

"Yabwera. Ayendetsa Silvestro."

"Silvestro? Wotsegula m'mimba uja?"

Jacinto anamuyang'ana, n'kutuluka osatsanzika.

Palibe chinthu chophweka chimene munthu anapemphedwapo kuposa chimenechi. Sanamuuze kuti amenyane ndi asilikali kapena kuti aulule chinsinsi. Anangomuuza kuti agone, adye nkhuku, atsokomole, ntchito imene anali ataionetsa kale kuti amaitha kuposa onse. Horácio anagona tsiku lomwelo lokha. Kutacha anasamba, anavala malaya oyera amene Inês anachapa asanachoke, anapukuta magalasi, n'kutuluka pabwalo akuimba mluzu. Augusta, Natália ali kumbuyo, anaitana akazi a pamudzi kuti adzaone okha.

"Mwaonatu," anatero. "Wangochoka dzana."

Kaminyau yatsopano anaipezadi. Inali yobiriwira, ya hutala yomveka patali.

Ku Lifidzi mbiri inafika msanga kuposa njinga. Inês anakhala mkazi amene anadula mwamuna wake. Pamaliro ankamupatsa ntchito yotunga madzi ndi kuwaza nkhuni, koma akayandikira miphika amayi ankasuntha mchere mwakachetechete. Kawiri konse anapita kukaona mwana, Augusta n'kumubweza ali panjira. Horácio akamadutsa pa mphambano ya ku Lifidzi ankaliza hutala, ndipo mumtima mwake ankaona kuti kumeneko ndiye kupepesa. Jacinto akamukumbutsa, ankati nkhondo ikatha adzakonza zonse. Pakati apo anakwatira wina, poti malaya sadzichapa okha.

Nkhondo inathadi. Patarau anakwera kandege kaja ulendo womaliza, ndipo m'chaka cha ufulu kunachitika msonkhano waukulu ku Ulongwe, anthu a m'midzi yonse atasonkhana. Akamarada, atsogoleri atsopanowo, anapempha kuti amene anavutitsapo atsamunda aimirire afotokoze. Jacinto anakhalabe pansi. Horácio anali atakwera kale pa thebulo.

Anafotokoza zonse, ndipo nzeru ija tsopano inali yake, pilotu ataiwalika. Anasonyeza mmene ankatsokomolera, anthu n'kuseka. Anasonyeza mmene kapitawo anathawira, anthu n'kuomba m'manja. Kenako anafika pa magazi.

"Mukuganiza kuti anali magazi? Unali mlombwa, akamarada! Ndinapusitsa Mpwitikizi, ndinapusitsa sipayi, ndinapusitsa mudzi wonse!" Apo maso ake anagwera pa mzimayi wina wogulitsa mtedza wokazinga m'mphepete mwa bwalo. "Uyo mboni yanga. Nanzunga, tawauze, makungwa aja anakasema ndani?"

"Ndine," anayankha Inês.

Anthu akutali anasekabe. A ku Fonte Boa ndi a ku Lifidzi sanaseke. Amayi amene ankasuntha mchere aja anayamba kukonza mipango yawo, aliyense akuyang'ana kwina. Augusta anaima kutsogolo pakamwa pali yasa, atagwira dzanja la kamtsikana kovala diresi la sukulu.

Inês anadzuka ndi lichero lake, anthu n'kumupatukira. Atafika, Augusta anamasula yekha dzanja la mwanayo. Inês anagwada kuti alingane naye. Anali atadikira zaka zonsezi, ndipo tsopano anatapa mtedza wodzaza dzanja, wothira mchere bwino, n'kumutambasulira.

Natália anayang'ana mtedzawo, anayang'ana nkhope ya mzimayiyo, n'kubisa manja kumbuyo.

"Azakhali anati ndisamadye za m'manja mwanu," anatero mwaulemu. "Anati zimapha."

Dzanja la Inês linakhala chitambasulire. Pa thebulo paja Horácio anali asanamalize. Anali atafika pa nkhani ya kaminyau yobiriwira.