Nsalu ya pa TV ku Chamboli

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa m'banja mwathu mudakali mawu akuti "malume anapha TV," ndipo ana amene sanawaone n'komwe malumewo amawatchula akuseka. Sabata yatha galasi la kompyuta ya mdzukulu wanga linada ali mkati mwa masewera, mayi ake n'kubwereza mawu omwewo. Ine sindinaseke. Mwini nkhani anamwalira kalekale, ndipo mwa amene tinalipo ndatsala ndekha woti ndiilongosole.

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi nsalu. Inali yoyera, yokhuthala, yoluka ndi manja a amayi, ya mphonje m'mbali, ndipo inkaphimba TV yathu ku Chamboli, komboni ya anthu a m'migodi ku Kopala. Lamulo lake linali limodzi: woichotsa ndi amayi okha, madzulo, atate akabwera ku mgodi n'kusamba. Masana TV inkakhala yophimbidwa ngati guwa la m'tchalitchi.

Malume, mlongo wawo wa amayi, anabwera kudzakhala nafe ntchito yawo ya ku mgodi wa Mindolo itatha. Anafika ndi chikwama chimodzi ndi kabokosi ka masewera kamene anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo. Kabokosiko kankalumikizidwa ku TV ndi waya, ndipo pa galasi pankaoneka timizere tiwiri tikukankhirana kadontho. M'mawa malume ankapita pansi kutauni kukafuna ntchito. Ankabwerako dzuwa lili paliwombo, nsapato zili mbuu. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi kutentha. Ndikaweruka kusukulu, tinkasewera.

Pokhala m'nyumba ya eni, malume sankafuna kuswa lamulo. Nsalu sankaichotsa. Ankangoipinda kutsogolo n'kuiponyera kumbuyo, kumene inkatseka timabowo totulukira mpweya wotentha.

Tikasewera pang'ono, galasi linkada bii. Kulira kwa kadontho kunkamvekabe, koma chithunzi palibe. Malume ankagwedeza waya, kuuzira m'kabokosi, kusintha pulagi, kumenya TV pambali ndi chikhatho. Zonsezo osathandiza. Tikaizimitsa n'kuisiya, inkadzayakanso yokha. Madzulo, nsalu itachotsedwa, nkhani zinkaoneka bwinobwino.

Atate atamva za kuda kwa galasiko, anafunsa aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe. Iwo anayankha mosazengereza kuti masewera otere amadya chubu cha TV pang'onopang'ono. Inenso ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene amavulazira mawu a mphunzitsi amene akuopa kunena kuti sakudziwa. TV imeneyo ndi chinthu chokha chimene atate ankanyadira pamaso pa anzawo a ku mgodi.

Nyengo yomweyo ufa unkasowa. Amayi ankaima pamzere mpaka miyendo kutupa, ndipo kunyumba anayamba kuyeza ufa ndi kapu m'malo mwa mbale. Ndinkaona malume akusamba m'manja msanga, akuti akhuta.

Loweruka lina masana atate anaitana aphunzitsi, nati kwa malume, "Alamu, tiyeseni tonse tikuona. Ikada, kabokosiko kachoke m'nyumba muno." Ngakhale ine ndinamva kuti kabokosiko sikadzachoka kokha.

Popeza anali masana, amayi sanachotse nsalu. Malume anaipinda monga mwa masiku onse. Tinasewera, ndipo galasi linada.

Tsiku limenelo malume sanagwire waya. Anazungulira kumbuyo, nalowetsa dzanja pansi pa nsalu, n'kulibweza msanga ngati agwira mphika wa pamoto. Anatukula nsaluyo, ndipo m'nyumba munamveka fungo la fumbi lopserera. Anayang'ana timabowo tija, kenako anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana pansi. Malume anabwezera nsalu pamalo pake, nawongola mphonje zake ndi zala.

"Aphunzitsi anena zoona, alamu," anatero. "Ndine ndaiwononga. Ndipite kumudzi ndikalime, mvula yayandikira."

"Sitikukuthamangitsani, alamu," anatero atate.

"Ndikudziwa."

Anakwera basi ya ku Chipata Lolemba, kabokosi kali m'chikwama, ndipo ku Kopala sanabwererenso. TV ija inakhala zaka zambiri osavutanso, ndipo aliyense anati umboni ndi umenewo. Palibe anafunsa chifukwa chake amayi anasamutsira nsalu pa tebulo sabata yomweyo.

Ine ndinawakwiyira malume kwa nthawi yaitali. Anapeza vuto ndi dzanja lawo, ine ndikuona, koma sananene, ndipo masewera anga anapita nawo. Sindinkadziwa kuti kwathu malume ndiye mwini mbumba, woyenera kudyetsa ana a mlongo wake, ndipo munthu wotere sauzidwa kuti ufa wake watha. Akananena za nsalu, akanatsala, ndipo tsiku lina amayi akanayenera kutchula okha chifukwa chenicheni. Malume anasankha kuchoka ndi mlandu wa TV.

Amene analipo Loweruka limenelo ndi awa: atate, pa mpando wawo; aphunzitsi, ataima pakhomo; amayi, amene analuka nsalu; ine, nditakhala pansi; ndi malume, amene sanaphe TV.