Njinga Yoti Mayi Akwerepo

Chaka chimene chimanga chinauma chisanamasule ngayaye, amuna anga anabwera kuchokera ku Joni ndi ganizo limodzi lokha: kugula njinga yamoto yoti azichitira kabaza pa Ntaja. Abale anati mutu wawo sukuyenda, anthu akugonera mango owiritsa iwo akufuna chitsulo. Ine ndinali mbali ya amuna anga, poti thumba la chimanga limatha koma njinga imadzuka m'mawa uliwonse. Tinangosiyana pa mtundu wa njingayo.

Tinapita limodzi ku Balaka. Tisanalowe n'komwe m'sitolo, maso a amuna anga anali atagwera kale pa yofiira, yotukuka kumbuyo ngati chiwala, mpando wake wotsetserekera kutsogolo. Wogulitsa anawaona kuti akodwa, nayamba kuyamikira liwiro lake. Za mchenga wa njira ya ku Chiuta sananenepo, za kumwa petulo ndi kusowa kwa masipeya ayinso. Amuna anga ankangoisisita thanki, akumwetulira okha.

Ine ndinali ndi nkhawa ina. Kwathu mwamuna amadzakhala kwa mkazi, ndiye mayi anga ankakhala kuseri kwa nyumba yathu. Anali ndi matenda othamanga magazi, ndipo mwezi ndi mwezi ankayenera kukalandira mankhwala ku Nsanama. Kale ankayenda wapansi, koma njala inali itawadya mawondo. Tsono mayi anali achikale kwambiri. Mkamwini sankamuyang'ana kumaso, sankamulankhula mwachindunji, ndipo akakumana naye panjira ankapatukira m'tchire. Mawu awo onse ankadzera mwa ine, ngakhale onse awiri atakhala pabwalo limodzi.

Ndinapempha kuti ndiyese kukhalapo. Ndinakwera yofiira ija cham'mbali, momwe amayi timakhalira, ndipo ndisanakonze n'chitenje chomwe ndinali nditatsetsereka kukagunda msana wa amuna anga. Wogulitsa anaseka, akuti ndiye ubwino wake umenewo. Ndinatsika n'kufunsa amuna anga ngati mayi angakwere chinthu chotere. Kumwetulira kuja kunatha.

Pakona panali yakuda, yosaoneka bwino, yofupika, mpando wautali wosalala ngati benchi la kuchipatala, kaliya wachitsulo kumbuyo. Tinatenga imeneyo. Njira yonse yobwerera sanandilankhule, ndipo anzawo a kabaza anaipatsa dzina loti ngolo.

Ngoloyo inatisunga. Anthu okwera anali ochepa, poti wanjala sakwera njinga, koma katundu analipo. Amuna anga ankapita ku Nayuchi kukatengera anthu makaka, chinangwa chouma chija, ndi madeya ochokera ku Mozambiki, eni ake n'kuwapatsako pang'ono. Akafika madzulo ndikawaikira mbale, kawirikawiri ankaikankhira kwa ana, akuti adya kale pa Ntaja.

Mayi anakana ulendo woyamba. "Ngwamba," anatero m'Chiyao, atatembenukira kukhoma. "Uwauze kuti ndafika pano osakhudzana ndi mkamwini, sindiyamba lero." Ndiye ndinatenga thumba la madeya, n'kuligoneka pakati pa mpando, n'kulimanga ndi mphira. Mayi anazungulira njinga, analigwiragwira thumbalo, kenako anakwera cham'mbali kuseri kwake, nkhope ataloza kumunda. Amuna anga anayendetsa ali njo, osacheuka. Anthu pamsika ankaseka, koma mankhwala ankabwera.

Mvula itayamba, njala inafika poipa. Madeya aja tinadya, ndipo m'thumba tinayamba kuikamo udzu wouma. Miyendo ya mayi inatupa, ukadina chala dzenje limatsala. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza akulephera kudzuka pamphasa, mawu akutuluka mbali imodzi ya kamwa. Ndinachita mantha kwambiri. Ku Nsanama sikukanathandiza, kunafunika chipatala chachikulu ku Liwonde, ndipo munthu wosatha kukhala yekha sangakwere cham'mbali kuseri kwa thumba.

Amuna anga anamasula thumba lija n'kuliponya pansi. Anavulanso jekete lawo lalikulu la ku Joni, limene sankalisiya ngakhale kutenthe, n'kuwaveka mayi. Tinawakweza motangadza, ine n'kuwamangirira kumsana kwa amuna anga ndi zitenje ziwiri monga timaberekera mwana. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, theka pampando theka pakaliya, nditawagwira m'chiuno. Mayi anali maso. Ndinaona misozi ikutsika, koma sananene kanthu, ndipo sindikudziwa ngati kunali kulephera kapena manyazi. Tinayenda pang'onopang'ono m'matope, tsaya la mayi lili pamsana pa mkamwini wawo mpaka ku Liwonde.

Anagonekedwa, ndipo anachira, ngakhale dzanja lamanzere silinabwererenso mwakale. Tinabwerera pa minibasi. Ine ndinkaganiza kuti za kupewana zatha, poti chimene ankaopa chinali chitachitika kale. Koma titangofika, amuna anga atabwera kudzawalonjera, mayi anakoka mpango n'kutembenukira kukhoma monga mwa masiku onse. Ndinakwiya mumtima. Munthu wakuberekani kumsana, ndiye mukumubisiranso nkhope?

Madzulo ake ndinaphika phala la ufa umene anatipatsa kuchipatala, n'kuwapititsira. Amuna anga anali pakhonde, akupukuta matope panjinga. Mayi analawa pang'ono, kenako anandibwezera mbale ndi dzanja lawo labwino lija. Ndinawakakamiza, iwo anapukusa mutu. Analankhula mokweza pang'ono, kuti wapakhonde amve, koma maso ali pa ine.

"Uwauze bambo a ana akowa kuti pa Ntaja sadyapo kanthu, asatinamize. Msana uja ndagonapo ine, ndi mafupa okhaokha. Iwe ukugona nawo nyumba imodzi osaona?"

Ndinatuluka ndi mbale ija n'kukaiika pafupi ndi phazi la amuna anga. Sindinabwereze uthengawo, poti anali ataumva. Anayang'ana mbale, anayang'ana ana, kenako anandiuza motsitsa kuti ndikawauze mayi kuti amva. Anasamba m'manja n'kudya lonse, mayi akumvetsera kulira kwa sipuni kuseri kwa khoma.