Chaka Chimene Adadi Anapachika Njinga

Ndikukumbukira nyumba yathu yapamwamba ku Etobicoke, kuno kutsidya kwa nyanja, imene mawindo ake ankanjenjemera ndege ikamatera. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene dokotala anauza adadi kuti shuga wawo wakwera, ayambe kulimbitsa thupi. Adadi ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani yonyamula katundu ku Brampton, tsiku lonse ali tsonga pampando. Zothamanga anakana, zosambira anati madzi akuno amanunkha mankhwala. Amene anawadzutsa pa sofa anali mzungu wina wa pa TV, katswiri wopalasa njinga mumpikisano waukulu wa ku France umene umatenga masabata atatu.

Dzina lake linkawapinda lilime, ndiye anangomutcha Njati chifukwa cha ntchafu zake. "Taona, Tadala," ankatero akundilozera TV, "munthu uyu akukwera phiri ndi mpweya umene anamupatsa Mulungu basi. Ine ndingalephere kuzungulira paki?"

Anagula njinga ziwiri zakale, yawo ndi yanga. Anagulanso kabudula wothina uja, amene amayi anati munthu wa banja sangavale pamaso pa anthu. Loweruka lililonse tinkapalasa m'mbali mwa mtsinje wa Humber, mukununkhira udzu wongotchetcha kumene, manja athu ali bii ndi girisi wa tcheni. Adadi ankafika pamwamba pa kachitunda akupumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu, koma akuseka. Mimba inayamba kuphwa. Lamba anaboolanso bowo lina, ndipo anayenda naye nyumba yonse kuonetsa aliyense.

Mwezi wa Juni utafika, m'nyumba mwathu simunkakambidwanso nkhani ina. Adadi anamata mapu a France pa firiji n'kulemba mizere yofiira pamene panali mapiri. Anapempha tchuthi kuntchito kuti sabata ya mapiriyo iwapeze ali pakhomo, poti kuno mpikisanowo umaonetsedwa m'mawa. Ine anandigulira malaya a timu ya Njati, ndipo ndinkakana kuwavula ngakhale popita kutchalitchi.

Pansi pathu pankakhala Che Amidu, a ku Mangochi, amene ankagulitsa mafoni. Ankakwera kwathu kudzamwa tiyi ndi kudzaputa adadi. "Achimwene, miyendo ya Njati wanuyo ndi ya mankhwala a m'botolo," ankatero akupemerera kapu. Adadi ankadzuka, chala m'mwamba, kuti munthuyo anamuyeza kambirimbiri osamupeza ndi kanthu, ndipo anthu a pa TV amene amadziwa za njinga amamutcha chitsanzo cha achinyamata. Mkangano unkatentha mpaka amayi ankabwera kudzachotsa makapu kuti angasweke.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uyambe, tinali patebulo m'mawa, TV ili chiyatsire. Wowerenga nkhani ananena kuti Njati ndi akatswiri ena angapo awabweza kwawo. Apolisi anali atapeza matumba a magazi mufiriji ya dokotala wina, magazi amene opalasawo ankasungitsa kuti aziwabwezera m'thupi mapiri akafika. Anaonetsa Njati atavala magalasi akuda, akulowa m'galimoto osayang'ana munthu. Adadi anagwira buledi m'manja, osamudya, osamuika pansi. Tiyi anazirala.

Chimene chinandipsetsa mtima, ndipo chikundipsetsabe, ndi amuna aja a pa TV. Anthu omwewo amene dzulo lake ankamutamanda mpaka malovu kuuma, tsiku limenelo anakhala mwaulemu ndi mataye awo n'kumati nkhaniyi aliyense ankaidziwa kale. Aliyense ndani? Adadi sankaidziwa. Ngati inu munkadziwa, munkatigulitsiranji malaya? Munkalekereranji bambo wodwala, wa kutali ndi kwawo, kuti aike mtima wake wonse pa munthu amene munkadziwa kuti ndi wakuba? Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapepesa. Anangotembenuza pepala n'kuyamba kutiuza amene tiyenera kumuchemerera m'malo mwake.

Masana Che Amidu anagogoda. Ndinawatsegulira nkhope ili ndwii, ndikudikira kuti aseke. Anavula nsapato, anakhala pafupi ndi adadi n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani, achimwene. Ine ndimangokuputani, sindimafuna kuti zikhale zoona." Adadi anangogwedeza mutu. Mlendo atapita, anatenga njinga yawo n'kukaipachika pakhonde.

Loweruka ndinavala chipewa changa n'kukaima pakhomo. "Adadi, sitipita?"

"Pita ndi anzako, mwanawe. Ine andipusitsa mokwanira."

Tchuthi chonse anachithera pa sofa, TV ili chizimire. Amayi anakalipa, ananyengerera, anawakumbutsa kuti miyendo imene inkakwera kachitunda ka ku Humber inali yawo, osati ya mzunguyo. Adadi ankaona ngati aliyense amene anawaonapo ndi kabudula uja akuwaseka. Chipale chofewa chinagwa njinga ili pompo, tcheni chinachita dzimbiri, ndipo chaka chotsatira dokotala anawayambitsa jakisoni.

Lero ndine munthu wamkulu, ndikudziwa kuti shuga ndi matenda amene mwina akanakula ndithu, Njati kapena ayi. Koma mkwiyo sumva zimenezo. Anthu amati chinyengo cha m'masewera chimapweteka opikisana nawo okha. Ine ndinaona chikufika mpaka pakhonde la ku Etobicoke.

Panopa ndimakhala ku Markham, ndipo ana anga amaonera mpikisanowu pafoni, zidutswazidutswa, akudikira basi. Akuti masiku ano kuyeza kunakhwima. Mwina n'zoona. Koma Juni aliyense mawu otamanda aja amayambiranso, ofanana ndendende, dzina lokha ndi limene limasintha. Adadi akabwera kudzacheza n'kumva nkhani ya njinga, amadzuka mwakachetechete n'kupita kukathirira tomato kuseri.

Mwana wanga wamkulu anandifunsa posachedwa, m'Chingerezi chake, ngati katswiri wa chaka chino ndi weniweni. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo asadikire kuti adziwe. Ndinamutuma akapope matayala, ake ndi anga.