A Mawaya ndi Akaunti za Anthu Akufa

Pa yunivesite pamene ndimagwira ntchito yotayipa makalata, munthu woyang'anira netiweki ya makompyuta tonse timamutchula kuti a Mawaya. Anayamba ntchito yokoka mawaya a telefoni m'denga, ndipo makompyuta atafika anaphunzira okha, kufunsa uyu ndi uyu. Lero ali ndi imvi, ndipo amayenda chotsimphina chifukwa anagwapo pa makwerero. Ofesi yawo ndi kachipinda kopanda zenera pansi pa laibulale, kozizira moti amavala juzi ngakhale kunja kukutentha. M'menemo muli makina aatali ngati makabati, amene amasunga malikisi a mwana aliyense wophunzira pano.

Ankagwirizana kwambiri ndi malemu amuna anga, omwe anali kalaliki ku ofesi ya mayeso. Ankaitanana achimwene, choncho ine ndine alamu awo.

"Alamu, pasiwedi yanu ikadali vesi lija?" amandifunsa tikakumana pakhonde.

"Mawu a Mulungu sasintha."

"Akuba nawonso amawerenga Baibulo, alamu."

Amuna anga atamwalira, ndinapempha a Mawaya chinthu chimodzi, kuti asatseke akaunti yawo ya pa kompyuta. Munali makalata amene ankalemberana ndi mwana wathu wamkazi, ndi timapemphero tomwe ankalemba osatumiza kwa aliyense. Ndinkawerenga pa nthawi ya nkhomaliro. A Mawaya anakanda mutu, nati palibe lamulo loti atseke, chifukwa pano munthu akamwalira kapena akapuma ntchito, palibe amene amatsikira kukachipinda kuja kukawauza. Pasiwedi sindinaisinthe. Inali yomwe ija amuna anga anailemba pakapepala pansi pa kiyibodi, monga amachitira onse mu ofesi ya mayeso.

Panapita zaka zitatu. Lachiwiri lina m'mawa a Mawaya anandiitana, ndipo sanandifunse za vesi. Anatseka chitseko n'kundilozera pa kompyuta.

"Loweruka masana munali kuti, alamu?"

"Ku kwaya."

"Ndikudziwa. Koma achimwene analowa."

Ndinaona dzina la amuna anga, tsiku ndi ola. Munthu wina analowa ndi dzina lawo n'kusintha malikisi a ana khumi ndi mmodzi ophunzira unamwino. Onse analephera mayeso a kayezedwe ka mankhwala, koma tsopano zinkaoneka kuti anakhoza. Amuna anga anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu osalandira ngakhale cholembera kwa mwana wa sukulu. Ndinakhala pa katoni ya mawaya.

A Mawaya anali atalembera kale akuluakulu katatu, ndipo makalatawo ndinatayipa ndine. Ankapempha kuti akaunti za anthu ochoka zitsekedwe, aliyense asinthe pasiwedi, mabwana asiye kupatsa masekilitale mapasiwedi awo, ndiponso polowa munthu azilandira kaye nambala pa foni yake. Yankho silinabwerepo. Ulendo uno akuluakuluwo anawapatsa mphindi zisanu kumapeto kwa msonkhano wawo, pa gawo la zina ndi zina. Ine ndinali pakona, monga mwa nthawi zonse, ndikulemba zokambirana.

A Mawaya anafotokoza ataima, manja kumbuyo. Pulofesa wina wa masamu anawadula.

"A Mawaya, ine pasiwedi yanga sindiidziwa. Amaidziwa ndi sekilitale wanga. Ndiye akadwala, ndizikhala panja ngati mlendo?"

Anthu anaseka. A Mawaya sanaseke. Anayendetsa pepala la mayina zana limodzi ndi makumi anayi, n'kutembenukira kwa Mkulu wa yunivesite.

"Bwana, awa onse kulibe. Ena tinawaika m'manda, ena anapuma, ena munawachotsa nokha ntchito. Koma aliyense wa iwo akhoza kulowa lero."

Kenako anayendetsa pepala lachiwiri, la malikisi aja. Mlembi wamkulu wa yunivesite, omwe ofesi ya mayeso ili m'manja mwawo, anavala magalasi n'kuwerenga kawiri.

"Dzina lili apa ndi la malemu kalaliki wathu. Akauntiyi inatsala yotsegula bwanji?"

A Mawaya anayang'ana pansi. Sanafune kunditchula.

"Mwina malemu anasiya anthu ake," anatero Mlembi wamkulu motsitsa mawu. "Zinthu zotere siziyamba tsiku limodzi."

Sindikudziwa ngati anaiwala kuti ndili momwemo. Pa zaka zonse zimene ndalemba zokambirana sindinayankhulepo m'chipinda chimenecho. Ndinapemphera chamumtima, n'kuika cholembera pansi.

"Pepani mabwana. Ndine ndinawapempha a Mawaya kuti asatseke. Amuna anga sanasiye anthu. Anasiya kapepala pansi pa kiyibodi, ndipo mukapita ku ofesi ya mayeso panopa, mukatukula kiyibodi iliyonse mukapeza kapepala."

Mkulu wa yunivesite anandiyang'ana. Ndi munthu waulemu, sanandikalipire. Anati akaunti imodziyo itsekedwe tsiku lomwelo, malikisi abwezedwe mwakachetechete, ndipo zina zonse ikaunike komiti mwambo wopereka madigiri ukadutsa, chifukwa nkhaniyi ikamveka kunja, madigiri onse a pano anthu awakayikira.

"Bwana, ndiloleni nditseke za akufa zokha," a Mawaya anachonderera.

"Zina mwa izo maofesi akugwiritsa ntchito. Musatisokonezere zinthu pa nthawi ino."

Masana amenewo a Mawaya anandisindikizira makalata ndi mapemphero onse a amuna anga, n'kuwaika mu envelopu yaikulu. Anafunsa ngati ndikufuna kudina ndekha batani lotsekera akauntiyo. Ndinati adine iwo.

Lachinayi zokambirana zija zinabwerera kuchokera kwa Mlembi wamkulu zitakonzedwa ndi inki yofiira. Mawu anga onse anali atawakhwatcha. M'malo mwake analemba kuti vutolo linachokera ku kusasamala kwa malemu kalaliki wa mayeso, ndipo latha. Ndinaika pepalalo m'dilowa. Sindinathe kulitayipa, komanso sindinkadziwa kuti ndikana bwanji.

Lolemba m'mawa a Mawaya anaima pa tebulo langa ndi pepala m'manja. Nkhope yawo sinali ya munthu wobweretsa uthenga wabwino.

"Achimwene ayera, alamu. Akaunti yawo ndi yotseka, koma malikisi a ana aja akweranso."

"Walowa ndani?"

"Pulofesa wa unamwino uja tinamuika m'manda chaka chatha. Achimwene ankatsegula chitseko chimodzi. Iyeyu amatsegula paliponse."

Ndinawatayipira kalata yachinayi, n'kumangirira pamodzi ndi pepala la inki yofiira lija, losatayipa. Anakwera nazo ku ofesi ya Mkulu. Sekilitale anawauza kuti bwana ali pa msonkhano wokonzekera madigiri, abwerenso pakatha milungu iwiri.