Tionenji Anadikira Kutumidwa

Mvula ya Novembala ku Romford sigwa ngati yakwathu. Siyamba ndi mabingu, sinunkhiritsa dothi, ndipo palibe amene amathamangira khasu akaimva. Imangowaza tsiku lonse, yozizira, kumwamba kuli mbuu. Imafuna chijasi, ambulera, ndi nsapato za mitundu iwiri: zoponda nazo madzi panjira, ndi zouma za m'chikwama zokavala pakhomo la ofesi. Tionenji Kamwendo ankatuluka nazo zonsezi kusanache, kukakwera sitima ya ku Liverpool Street.

Chinali chaka cha 2005, atangomaliza sekondale. Anabadwira kumudzi kufupi ndi Bembeke, ku Dedza, ndipo ku London anabwera ali kale namwali, kutsatira amayi ake, a Gladys, namwino pachipatala chachikulu cha ku Romford. Ku yunivesite sanapite, chifukwa mapepala ake ankamuwerengabe ngati mlendo, ndipo fizi ya mlendo si ya mwana wa namwino. M'malo mwake analowa ngati wophunzira ntchito pakampani ina ya maakauntanti, yofufuza mabuku a makampani ena. Anawalemba awiri, iye ndi mnyamata wa ku Ilford dzina lake Luke. Tsiku loyamba lomwelo anawauza poyera kuti pofika Malichi mmodzi adzatsala, kampani idzamuphunzitsa mpaka alembe mayeso, ndipo winayo adzapita.

"Ukakhale munthu kumeneko," anatero amayi ake, akumukonza kolala. "Usakathamangire kutsogolo. Akulu ali ndi maso, amaona okha. Ukamaliza ntchito ukhale phee, akutuma ina."

Kutchalitchi nkhani inali itafika kale. A Biswick, mkulu wa mpingo, ankafuula akangomuona: "Akauntanti athu afika! Apatseni mpando wakutsogolo, enanu sunthani ndi madigiri anu osagwira ntchitowo!" Anthu ankaseka, a Gladys ankabisa nkhope m'nyimbo.

Kuofesi Tionenji ankachita monga anamulelera. Akamupatsa mulu wa malisiti, ankaulandira ndi manja awiri, n'kuusanja mpaka utatha, n'kuubweza mwakachetechete. Kenako ankakhala pampando wake, manja pamiyendo, kudikira. Manijala wawo anali bambo wamtali, wansangala, dzina lake Killian. Ankakana maulemu. "Ndine Killian basi," ankatero. Koma lilime la Tionenji linakana kutchula munthu wa imvi ndi dzina lake, choncho ankangoyamba kulankhula popanda kumutchula konse, ndipo nthawi zambiri sankayamba n'komwe.

Lolemba lina m'mawa, pamsonkhano wa gulu lawo, Killian anati pakufunika wophunzira mmodzi woti apite ndi akuluakulu ku Wembley, kukawerenga katundu m'nyumba yosungiramo ya kasitomala wina.

"Ndani akufuna?"

Mafayilo a kasitomala ameneyo Tionenji anali atawawerenga onse Lachisanu, pamene ankawachita fotokope. Anayang'ana patebulo, n'kuwongola msana pang'ono kuti aoneke kuti alipo. Kwawo, wamkulu akafunsa kuti ndani apite, amakhala atasankha kale mumtima, dzina limabwera pambuyo. Mwana wodzitchula yekha amasekedwa mpaka kumadzi. Ndiye iye anadikira dzina lake.

"Ine," anatero Luke, bisiketi ili m'kamwa.

"Chabwino, Luke," anatero Killian, n'kupita pankhani ina.

Disembala anafika ndi mdima wake. Dzuwa linkalowa anthu asanaweruke, mitengo ya m'mbali mwa njanji inatsala nthambi zokha. Luke anabwerako ku Wembley ndi chimfine komanso nkhani zambiri. Ankadziwa tsopano mayina a makasitomala, ndi timu ya mpira imene aliyense amachemerera. Sanali mnyamata woipa. Tsiku lina anamupeza Tionenji pamakina a fotokope.

"Tio, ukadali pompano? Makinawa adzakukwatira."

"Ndi zimene andipatsa."

"Ungopita kwa Killian kukanena zimene ukufuna. Saluma ayi. Ukudikira kuti abwere akugwadire?"

Tionenji anaseka, koma mawuwo anapita nawo kunyumba. Anawanena kwa amayi ake. A Gladys anati ana a kuno alibe mwambo, ndipo mathero awo amaoneka.

Mu Januwale chisanu chinagwira misewu, mpweya wa m'kamwa unkatuluka ngati utsi, ndipo ntchito inachuluka chifukwa inali nyengo ya misonkho. Panamveka kuti pali ntchito ina ku Greenwich. Tionenji analimba mtima. Anakonza mawu ake m'sitima, kuwabwereza kuyambira ku Romford mpaka ku Stratford. Atafika anapita kuofesi ya Killian. Chitseko chinali chotsegula, mwini wake ali pafoni. Tionenji anaima pakhomo, manja atawagwirizanitsa, kudikira kuti amulowetse, pakuti munthu sulowa m'nyumba ya wamkulu asanakuyankhe. Killian anadzutsa mutu, anamwetulira, anamukwezera chala chachikulu, n'kubwerera ku kompyuta yake. Anayesa kuti akungodutsa.

Tionenji anaimabe. Foni inatha, ina inalira.

"Pepa, Tio," anatero Luke, akumupanikiza pakhomo. Analowa, anakhala pamphepete pa tebulo la manijala, n'kuyamba kulankhula foni isanaikidwe bwino pansi. Ku Greenwich kunapita Luke.

Pobwerera pampando wake, Tionenji anapeza wina atamusiyira kale mulu wa mapepala.

Malichi anabwera ndi mphepo. Timaluwa tachikasu tinaphuka m'mbali mwa njanji, pakati pa zinyalala. Kwawo imeneyi ndi nyengo ya mondokwa ndi maungu, pamene ngakhale nyumba yosauka imatafuna kanthu. Killian anamuitana Tionenji m'kachipinda ka magalasi, n'kutseka chitseko. Nkhope yake inali yachisoni ndithu.

"Ntchito yako ndi yaukhondo," anatero. "Palibe amene wakudandaula. Koma kunena zoona, sitikudziwa ngati ukuifuna ntchitoyi. Miyezi yonseyi sunapemphepo kalikonse."

"Simunanditume," anatero Tionenji. Mawu ake anatuluka aang'ono.

Killian anamuyang'ana modabwa, ngati wamva chinthu chachilendo. "Kuno sitituma anthu, Tio. Munthu amadzitengera yekha. Ndinkayesa kuti fotokope ikukukwanira."

Anamuuza kuti watsala Luke. Anati amulembera umboni wabwino, ndipo akhoza kuweruka nthawi yomweyo ngati akufuna. Tionenji anathokoza. Anadzimva yekha akuthokoza, ndipo zinamuwawa kuposa mawu a Killian.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Amayi ake anali atangodzuka, akumwa tiyi pakhitchini, akukonzekera shifiti ya usiku. Anamvetsera zonse osamudula. Kenako anaika kapu pansi.

"Ndi momwe alili anthu ake," anatero. "Ku wodi kwathu n'chimodzimodzi. Atsikana amene ndinawaphunzitsa ine kubaya jekeseni ndi amene akundigawira mashifiti lero. Amangopita kwa manijala, ndikufuna pulomoshoni, basi. Maso ali gwa."

Tionenji anaima ndi chijasi chake m'manja.

"Ndiye munkadziwa, amayi?"

"Ndinkadziwa za kuchipatala. Ndinkati kwa anthu a masuti n'kwina, kuti anthu ophunzira amaona munthu."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuza kuti chiyani? Kuti ukhale wamwano? Ine ndinakulera kuti ukalowa pakati pa anthu azinena kuti mwanayu ali ndi kwawo."

"Anena. Anena kuti ntchito yanga ndi yaukhondo."

"Usandiyankhe choncho, iwe."

Panja mphepo inkagubuduza chitini mumsewu. A Gladys anayang'ana manja awo, ouma ndi sopo wa kuchipatala.

"Lamlungu tikawauza chiyani a Biswick?" anafunsa Tionenji.

"Tikati ukupuma kaye. Palibe chifukwa choti aliyense adziwe." Anaimirira, n'kugwira m'chiuno. "Mayo, nthawi yatha. Basi indisiya."

Analowa kubafa. Yunifolomu yawo inali pampando, yochapa koma yamakwinya. Tionenji anapachika chijasi chake, anatambasula thabwa lositira, analumikiza simbi kumagetsi. Anayamba ndi kolala, kenako manja, kenako kumsana, akupewa mabatani. Atamaliza anaiika pa hang'ala, anaikoleka pachitseko cha bafa, n'kuzimitsa simbi.