Galasi Lozizira

Zaka zoyamba zimene ndinkapima umuna wa ng'ombe, anzanga anali maikulosikopu ndi buluzi wa pawindo. Kachipinda kanga kanali kuseri kwa khola, ndipo anthu ankangobwera kudzamva zotsatira basi. Ndikatchula ntchito yanga kutchalitchi, azimayi ankaseka n'kusendera uko. Ndinkasekanso nawo, koma ndinali wosungulumwa.

Ntchitoyo sinali yovuta. Umadonthezera kadontho pagalasi n'kuona ngati timbewu tikusambira mwamphamvu kapena tikungogwedeza michira. Nkhunzi ya timbewu taulesi sibereketsa.

Mu Juni wina, chiperoni chitaphimba phiri, kunabwera bambo achikulire a ku Milonde, opuma ntchito kuminda ya tiyi, akukusa nkhunzi yofiira. Anzawo ankadandaula kuti ng'ombe zawo sizikutenga bere ikazikwera. Bambowa sanali ngati ena. Anakhala pansi, natulutsa nthochi, tinacheza.

"Adokotala, muione bwino," anatero. "Chimwalirireni akazi anga, ndimayankhula ndi iyeyu."

Ndinayang'ana. Timbewu tinangoti zii. Ndinatenga galasi lina m'bokosi lomwelo, chimodzimodzi. Kachipangizo kofunditsira magalasi kanali katafa kalekale, ndipo ine, ndi matama anga a kusukulu, ndinkati diso langa silinama.

"Bambo, nkhunziyi yatha ntchito."

"Mwaona ndinu," anayankha. Sabata yomweyo anaigulitsa kwa opha ng'ombe ku Nkando.

Patapita masiku, m'mawa wina wozizira, ndinaiwala galasi pachivundikiro cha kapu yanga ya tiyi. Nditapima umuna wa nkhunzi ina pagalasi lofundalo, timbewu tinkathamanga ngati ana otuluka m'kalasi. Kadontho ka umuna womwewo pagalasi la m'bokosi kanangoti zii. Kuzizira kumaumitsa timbewu. Ndinaziphunzira zimenezi chaka choyamba kusukulu, koma ndinkati nzolembera mayeso. Ndinakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira, wopanda womuuza.

Chaka chotsatira tinakumana ndi bambo aja m'minibasi ya ku Boma. Anandikonzera malo pambali pawo.

"Ng'ombe ziwiri kwathu zabereka tiana tofiira," anatero. "Ndimapita kukationa madzulo. Kaya tinatengera ndani."

Sankandinyoza. Ankandikhulupirira, ndipo chimenechi ndicho chinandipweteka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, kondakitala anagogoda, iwo n'kutsika.

Masiku ano galasi lililonse ndimayamba ndalifunditsa m'manja. Bambo aja sanabwerenso kukachipinda kuja. Analibenso ng'ombe yobwera nayo.